Loji Yobisika Imene Ndinaikweza Pamwamba pa Google

1

Ku Chipata kuno ndili ndi mayina awiri. Amene ndinawagwirirapo ntchito amati Millicent wa mawebusaiti. Otsalawo, kuyambira mumsika wa Kapata mpaka ku Chiparamba, amati "mkazi uja wa ku loji." Dzina lachiwirili ndinadzipezera ndekha, ndipo nkhani yake yafotokozedwa kale ndi aliyense kupatula mwiniwakene.

Ntchito yanga ndi iyi. Munthu akakhala ndi bizinesi ndimamupangira tsamba la pa intaneti, kenako ndimalikankha kuti wina akafufuza pa Google lizitulukira pamwamba. Nkhani yonse yagona pa mawu. Wamalonda amalemba dzina limene iye amakonda kudzitcha, wogula amalemba chimene akufuna, ndipo awiriwa sakumana. Ine ndimafufuza mawu enieni amene anthu amalemba akatsala okha ndi foni. Anthu amanamiza abusa, adokotala ndi akazi awo, koma kabokosi kofufuzira kaja amakauza zoona zokhazokha.

Mwamuna wanga ndi Bizwell, amagulitsa mbewu ndi feteleza mu shopu ina m'tauni. Tili ndi mwana mmodzi, Precious. Apongozi anga a Sesiliya, amayi ake a Bizwell, ndi amasiye, amasoka mayunifomu a sukulu ndipo ankakhala nyumba yachitatu kuchokera kwathu ku Kapata. Atate anga a Matiyasi amalima mtedza ndi thonje ku Chiparamba. Chimwalirireni amayi, ankabwera pa njinga Loweruka lililonse kudzaona mdzukulu wawo. Kutchalitchi tinkakhala benchi yachitatu kuchokera kutsogolo. Tinali banja lolozedwa akamalangiza achinyamata.

2

Mwezi wa Malichi kunabwera Mayi Dolika Sakala, mphunzitsi wopuma, mtsogoleri wa amayi ku parishi kwathu. Atapuma ntchito anamanga loji ya zipinda zisanu ndi zitatu.

"Mwana wanga, tsamba ndili nalo," anatero. "Koma chaka chonse chathachi alendo anali khumi ndi awiri, ndipo asanu anali achibale."

Ndinatsegula tsambalo. Pamwamba panalembedwa zilembo zagolide: Mpumulo Woyera, Malo a Mtendere wa Mumtima. Ndinalemba "loji ku Chipata" pa Google n'kuyamba kutsika. Ndinakawapeza patsamba lachisanu ndi chiwiri, pansi pa shopu ya matiresi.

"Mayi, mukudziwa kuti pamwezi ndi anthu angati amafufuza mawu akuti mpumulo woyera?"

"Ayenera kukhala ambiri. Dziko latopa."

"Awiri. Ndipo ndikukayikira kuti onsewo ndinu nomwe."

Anaseka mochita manyazi. "Ndimafuna kuona ngati tsambalo likadalipo."

Ndinawafotokozera kuti mawu aafupi, monga "hotelo ku Chipata," analandidwa kale ndi mahotelo akuluakulu ndipo sitingalimbane nawo. Wamng'ono amapulumukira pa mawu aatali, amene anthu amafufuza ndithu koma palibe wamalonda amene anawalemba patsamba lake.

Mawa lake ndinapita kukaona malowo. Umatsata msewu wopita ku Chiparamba, n'kukhotera kumanzere, n'kuzungulira kaphiri. Loji ili kuseri, m'kati mwa mitengo ya mango, mpanda wake wautali. Kumbuyo kuli geti lina limene kale ankalowetsera ngolo. Chipinda chilichonse chinali ndi Baibulo patebulo ndi mtanda pakhoma.

"Vuto lake ndi limeneli," anadandaula Mayi Dolika. "Sipaoneka. Munthu akhoza kukhala pano tsiku lonse wosadziwika ndi aliyense."

"Mayi," ndinatero, "limenelo si vuto."

Mawu ofunikawo ndinali nawo kale m'chikwama, olembedwa pa kapepala kuyambira mlungu wapitawo. Kumene ndinawatenga sindinawauze, ndipo inunso mudikire pang'ono.

3

Anali mizere inayi.

Loji yobisika ku Chipata.
Malo ochezera awiri opanda okudziwani.
Loji yokhala ndi geti lakumbuyo.
Chipinda cha masana okha.

Ndinawaika mu pulogalamu imene imawerenga kuti mawu akutiakuti amafufuzidwa kangati, m'Chinyanja ndi m'Chingerezi momwe. Nditaona manambala ndinavula magalasi n'kuwapukuta. Anthu mazanamazana pamwezi! M'tauni momwe muno, momwe Lamlungu m'mawa m'misewu mumakhala mbee chifukwa onse ali ku mapemphero. Ndipo panalibe loji ngakhale imodzi imene inalimba mtima kulemba mawuwo poyera.

Ndinawalemba ine. Mzere woyamba ndinauika pamutu wa tsamba. Wachiwiri unalowa m'kandime kaja kamene kamaoneka pansi pa dzina munthu akafufuza. Geti lakumbuyo ndinalijambula n'kupatsa chithunzicho dzina lake lenileni. Ndinalembanso nkhani yaifupi yofotokoza kuti galimoto yoimikidwa pansi pa mango sioneka kumsewu. Sindinaname liwu ngakhale limodzi. Vesi la Mayi Dolika ndinalisiya pansi penipeni pa tsamba, chifukwa Google silinkaisokoneza.

Ndiye kudikira. M'mawa uliwonse, ndisanateleke madzi a tiyi, ndinkafufuza. Mlungu wachiwiri tinali patsamba lachisanu. Wachitatu tinadumpha shopu ya matiresi ija. Wachisanu tinalowa tsamba loyamba, pansi penipeni. Lachitatu la mlungu wachisanu ndi chimodzi, Mpumulo Woyera unali nambala wani.

Posakhalitsa Mayi Dolika anandiimbira.

"Millicent, mabanja a ku Chipata akubwerera kwa Mulungu! Akubwera awiriawiri kudzakhala chete. Ena maola awiri okha, koma amatuluka nkhope zitawala."

"Tithokoze, Mayi."

"Ndiponso ndi odzichepetsa. Onse amalowera geti lakumbuyo. Amuna ake amavala zipewa ndi magalasi akuda ngakhale kuli mitambo. Koma chimene chandidabwitsa n'chakuti dzulo lokha m'buku la alendo munalembedwa a Phiri asanu ndi mmodzi. Sindinkadziwa kuti mtunduwu ndi wopemphera chonchi."

Lamlungu lotsatira anaima pamsonkhano wa amayi n'kunditchula dzina. Anandiombera m'manja. Ndinaweramitsa mutu, iwo n'kumayesa kudzichepetsa.

4

Tsopano ndikuuzeni za kapepala kaja.

Tsiku lina m'mawa, mlungu umodzi Mayi Dolika asanabwere, bandulo yanga ya intaneti inatha ndili pakati pa ntchito. Bizwell anali kubafa, foni yake ili patebulo. Ndinaitenga kuti ndione kanthu kamodzi kokha. Nditangogwira kabokosi kofufuzira, panatsika mndandanda wa zimene zinafufuzidwa kale pafoniyo. Mtengo wa feteleza. Zigoli za mpira. Kenako mizere inayi ija, wina pansi pa unzake.

Ndinamva madzi akukhavukira kubafa, iye akuimba nyimbo ya kwaya.

Ndinayamba kukumbukira zinthu. Masiku amenewo foni ikalira ankatuluka nayo panja. Loweruka ankakhala pansi pa mtengo ndi atate, mitu pamodzi, maso pafoni, ndipo ndikayandikira ankati, "Tikuona mtengo wa thonje." Ndinaganiza kuti akugwiritsa ntchito nkhalamba yosalakwa ngati chophimba kuti azicheza bwino ndi chibwenzi chake.

Mkazi wina akanalira, wina akanaswa foniyo. Ine ndinaphunzira. Ndinati ndikamufunsa akana, anena kuti anabwereka mnzake wa kuntchito. Choncho ndinakopera mawuwo pa kapepala, n'kubwezera foni pamalo pake, n'kumuikira shuga mu tiyi. Mayi Dolika atabwera ndi loji yawo yosaoneka, ndinaona ngati kumwamba kwandiyankha. Ngati mwamuna wanga akufuna loji yobisika, aipeza, ndipo ikhala imene uthenga wa aliyense wosungitsa chipinda umadutsa pafoni yanga.

"Amake Precious, ntchito yanji imeneyi yakugwirani chonchi?" anandifunsa tsiku lina.

"Ya amayi a kutchalitchi," ndinayankha.

Milungu isanu ndi itatu ndinkamuchapira, kumuphikira, kumusekerera, uku ndikudikira. Ndinaona mauthenga a anthu amene sindingawatchule, ena a benchi yoyamba. Lachinayi lina masana unalowa uthenga umene ndinkaudikira. Dzina: Bambo Innocent. Loweruka, 2 koloko masana, chipinda chakumapeto. Nambala ya foni inali ya Bizwell.

5

Ndinauza munthu mmodzi yekha, azakhali anga a Yosefina, mlongo wawo wa atate, amenenso ndi ankhoswe a ukwati wathu. Amagulitsa nsomba zouma mumsika wa Kapata, ndipo akamaitana kasitomala amatembenuka ndi a mzere wa makala omwe.

"Chinsinsi, azakhali," ndinawapempha.

"Usadandaule, mwana wa achimwene."

Loweruka anafika ndi anzawo atatu a mumsika. "Mboni," anatero. "Mwamuna amakana pamaso pa anthu awiri."

Mayi Dolika ndinawauza kuti tabwera kudzajambula zithunzi zatsopano za tsamba. Tinalowa m'kachipinda kosungiramo zofunda, akazi asanu, fungo la sopo likulimbana ndi la nsomba. Pansi pa mango panali kale galimoto zisanu ndi imodzi.

2 koloko itangopitirira, geti lakumbuyo linalira. Inalowa Corolla yathu yoyera, imene ndinathandiza kusankha. Inakaima kuseri kwa mtengo. Pakazenera ndinangoona ambulera yaikulu ikuyenda, pansi pake miyendo inayi. Chitseko cha nambala 8 chinatsekeka.

Ndinkafuna tidikire pang'ono, tigogode mwaulemu. Koma azakhali anali atamanga kale chitenje m'chiuno. Anaima pakati pa bwalo n'kutsegula kukhosi.

"Tuluka! Takupeza! Mkazi wako ali pano, ankhoswe ali pano! Tuluka, wachigololo iwe!"

Cholakwika chawo chinali chimodzi. Sanatchule dzina.

Zitseko zisanu ndi chimodzi zinatseguka nthawi imodzi. A Phiri onse a ku Chipata anatuluka. Wina analumpha mpanda nsapato zili m'manja. Wina analiza galimoto n'kuthawa, mnzake wamkazi akuthamangira pambuyo ndi wigi m'khwapa. Bambo wina wamimba yaikulu, amene amatiwerengera mawu Lamlungu, anatuluka atanyamula Baibulo la Mayi Dolika chadodolido n'kugwada pakhonde. Anzawo a azakhali anali atakweza kale mafoni m'mwamba.

Chitseko cha nambala 8 chokha ndicho sichinatseguke. Ndinapita kukachimenya ndi zibakera.

"Bizwell! Tsegula!"

"Amake Precious, mukutani kuno?"

Mawuwo anachokera kumbuyo kwanga. Bizwell anali ataima pafupi ndi galimoto, chimanga chootcha m'manja, wailesi ikulengeza mpira. M'chipindamo sanalowemo n'komwe.

Loko analira. Chitseko chinatseguka pang'onopang'ono. Anatuluka atate anga, atavala suti imene anavala pa ukwati wanga, imvi zonse zitadetsedwa ndi mankhwala. Kumbuyo kwawo, pampando, ndi fulasiki ya tiyi ndi masikono patebulo, kunali apongozi anga a Sesiliya.

Azakhali anakhala pansi padothi pomwepo.

"Achimwene? Ndi asewere anu?"

6

Atate sanakweze mawu. Zikanakhala bwino akanakalipa.

"Mili," anatero, "amako anapita zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Amayi awa amuna awo anapita kalekale. Papita chaka tikufuna kukhala pansi ola limodzi lokha, tikambirane ngati n'zotheka kuti tikwatirane, ndiponso kuti ana inu tikuuzani bwanji. Ku Kapata ndikangoimika njinga pakhomo pawo, mawindo onse amatseguka. Kumudzi ndiye usanene. Foni yanga ija ya mabatani siifufuza kanthu. Ndinapempha apongozi angawa a Bizwell kuti andifufuzire pafoni yawo, ndipo ndinawalumbiritsa kuti iwe usamve kaye, chifukwa ukadali kulira amako."

"Ndiye mawu aja..." ndinayamba.

"Ndinkanena ine, iwo n'kumalemba."

"Chipinda cha masana okha?" Sindikudziwa chifukwa chake ndinafunsa zimenezo.

"Nanga ng'ombe anditsekere ndani? Ndimayenera kufika kunyumba dzuwa lisanalowe."

Bizwell anawonjeza kuti amayi ake anakana malo onse kwa miyezi iwiri. Anavomera malo awa okha chifukwa cha dzina lake, ndiponso chifukwa cha vesi limene linali pansi pa tsamba.

Apongozi anaimirira, anatseka fulasiki yawo bwinobwino, n'kudziphimba kumutu ndi chitenje chifukwa mafoni anali akadali m'mwamba. Podutsa pafupi nane anaima.

"Amake Precious, ndinakulakwirani chiyani?"

Anapitirira osadikira yankho.

Bizwell anakatula amayi ake, anakasiya atate pamene anasungitsa njinga, kenako anabwerera kudzanditenga. Tinayenda mpaka mumsewu waukulu. Ndinamuuza zonse, kuyambira tsiku la bandulo lija. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Milungu ingati munadikira kuti tsambalo likwere?"

"Isanu ndi umodzi."

"Google munaipatsa milungu isanu ndi umodzi. Ine simunandipatse ngakhale mphindi imodzi yoti mundifunse."

7

Dzuwa lisanalowe kanema amene anzawo a azakhali anajambula anali atafika ku Lundazi ndi ku Lusaka. Mlungu umenewo anthu ofufuza Mpumulo Woyera anachuluka kuposa kale lonse. Tinali nambala wani pa mawu alionse, koma zipinda zonse zinali zopanda munthu. Loji yobisika imene dziko lonse laiona ilibenso ntchito.

Lolemba Mayi Dolika anabwera kunyumba atasindikiza tsamba lonse papepala. Anakhala pampando n'kundipatsa.

"Werenga mokweza. Ndinaphunzitsa zaka makumi atatu, ndimadziwa kuti mwana amamva bwino zimene analemba akaziwerenga yekha."

Ndinawerenga, mzere ndi mzere, mpaka pa geti lakumbuyo. Mayi Dolika anali atachotsedwa kale pa utsogoleri wa amayi. Ena ankati ankadziwa zonse, ena ankati mayi wamkulu wosazindikira zotere sangatsogolere anzake. Sindikudziwa chimene chinawapweteka kwambiri.

"Sindinaname, Mayi," ndinayesa kudziteteza.

"Inde. Unangosankha choona choti unene ndi anthu oti amve."

Ndinayambiranso kafukufuku. Ndinapeza kuti anthu amafufuzanso malo ochitirako misonkhano ya mpingo, malo ophunzirira makwaya, ndi bwalo lojambulirapo zithunzi za ukwati. Ofufuza zimenezi ndi ochepa poyerekeza ndi a Phiri aja, ndipo amabwera ndi zakudya zawo. Zinanditengera miyezi isanu. Pano loji ili pa nambala 3, Loweruka pamaimba kwaya, ndipo geti lakumbuyo analitseka ndi njerwa. Mayi Dolika amandiyankha moni, koma mpando wawo sanawabwezere.

Apongozi anatseka makina awo osokera n'kupita kwa mng'ono wawo ku Katete. Atate anasiya kubwera Loweruka. Precious ankakhala pakhonde kudikira belu la njinga. Patapita miyezi iwiri ndinakwera minibasi kupita ku Katete, ndinakagwada pakhomo. Apongozi anandipatsa madzi akumwa, anafunsa ngati yunifomu ya Precious ikumukwanabe, kenako anati ndifulumire basi yomaliza ingandisiye.

Ansembe anati palibe lamulo la mpingo loletsa atate ndi apongozi kukwatirana. Akuluakulu a kumudzi anang'ung'udza, kenako anatopa. Anakwatirana mu Novembala, Lachiwiri m'mawa, m'katchalitchi ka ku Chiparamba. Kunali anthu asanu ndi mmodzi. Bizwell anali mboni, ndipo tsikulo anandiuza kuti akukapereka feteleza. Ine ndinamva Lachisanu, kwa mayi wogulitsa tomato, amene anandifunsa chifukwa chake sindinaoneke pa ukwati wa atate anga. Ndinagula tomatoyo, ndinafika kunyumba, ndinatseka chitseko n'kulira. Bizwell sindinamufunse chifukwa chake ananama. Ufulu umenewo ndinali nditautaya ndekha.

8

Inu amene mukuwerenga, makamaka akazi anzanga amene mumadziwa manambala otsegulira foni za amuna anu, sindikuuzani kuti musamayang'ane, chifukwa ndikudziwa kuti muyang'anabe. Ndingokuuzani zimene ntchito yanga sinandiphunzitse. Makina amandiuza mawu amene afufuzidwa, ndi kangati, ndi tauni iti. Sanandiuzepo kuti amene wagwira foni akulembera ndani, kapena kuti nkhalamba yamanyazi ikufuna malo omwerapo tiyi ndi munthu amene yamukonda. Mayankho amenewo anali m'nyumba mwanga momwe, kwa munthu amene ndinkagona naye chipinda chimodzi. Ndinaopa kufunsa chifukwa ndinkaopa kunamizidwa, ndiye ndinanamiza ine anthu onse kwa miyezi iwiri.

Atate anayambanso kubwera chaka chino, osati Loweruka lililonse, ndipo amabwera awiri. Apongozi amakhala pakaliyala atagwira dengu. Sindinadziwebe ngati ndiziwatcha apongozi kapena amayi, choncho ndimangogwada n'kunena kuti, "Mwafika." Iwo amati, "Tafika."

Mwezi wathawu tikudya, Precious anaika supuni pansi n'kutiyang'ana tonse awiri.

"Amama, anzanga akusukulu akuti popeza agogo aamuna anakwatira agogo aakazi, ndiye kuti inu ndi adadi ndinu munthu ndi mlongo wake. N'zoona?"

Ndinatsamwa. Bizwell, amene kwa miyezi yambiri sanasekepo nane, anayamba kugwedezeka mapewa mpaka misozi.

"Funsa amako," anatero akupukuta m'maso. "Ndi amene amadziwa kufufuza."